Chopotokola

Telesikopu ndinaipanga ndekha:
paipi ya madzi, galasi la pa kaunjika.
Chatsala n'chopotokola,
kaja kosendeza diso pang'onopang'ono
mpaka mwezi uleke kuoneka ngati phala.

Ku Malangalanga a Gwaza andionetsa ziwiri.
Cha mano achitsulo n'chotchipa
koma chimanjanja ngati minibasi pa mabampu.
Chinacho chimangoti myaa,
mtengo wake lendi ya mwezi wathunthu.

Ndapotokola, ndabweza, ndapotokolanso.
"Mugula, kapena mukungoyesa dzanja?"

Usiku uno ku Kawale magetsi athima.
Aneba akudandaula.
Ine ndili panja, zala pa chotchipa chija,
kuchinyengerera,
chapitirira, bwerera pang'ono,
apo!
Zigwa zonse mbee.
Mpweya ndaugwira.

Mwezi uno ndilibe nawo ngongole.