Mbewa Nambala Naini

M'chipinda cha pamwamba ku Ridgeway,
kuseri kwa chipatala chachikulu,
ndimayatsa nyale sikisi isanakwane.
Mbewa makumi awiri ndi zinayi zimadzuka m'mabokosi,
zakuda bii ngati makala a pamsika wa Chawama,
manambala ndinazilemba ndekha kumchira.

Theka la izo tinazibaya mankhwala
opha timaselo tina mkati mwa ubongo,
tija timapanga dopamini.
A Dokotala Nyirongo amati:
lemba zimene waona, zimene wamva usiye kunyumba.

Ndodo imayamba kuzungulira mwaulesi, kenaka imapsa mtima.
Nambala firii imathamanga pamwamba pake
ngati kondakitala wa pa Kulima Tower
wothamangira minibasi yonyamuka kale.
Naini imakumbatira ndodo ndi zala zonse,
nizungulira nayo kamodzi, kawiri,
phi! pa utuchi.
Masekondi makumi anayi ndi imodzi.
Ndalemba.

Usiku timazisiyira mabotolo awiri,
la madzi chabe ndi la madzi a shuga.
Mbewa yabwinobwino siipusitsidwa, imadziwa kokoma.
Naini imanyambita uku, n'kunyambita uko,
kenaka imakaunjikana pakona, mphuno kukhoma.
M'buku muli mzere wolembapo zimenezi.
Ndimalemba, cholembera chikundilemera.

Pakuti ku Mtendere, m'chipinda cha kumapeto,
atate ali pampando chikhalire cha m'mawa.
Dzanja lamanja likuwerenga ndalama zomwe palibe,
chala chikupukusa chinzake, osapuma.
Tiyi amafika pakamwa theka, theka amamwa ndi malaya.
Dzulo ndinawagulira zitumbuwa za kwa Mai Tikambenji,
zija ankaziyendera mpaka ku Kalingalinga.
Analuma kamodzi.
Ati: zonse n'chimodzimodzi, mwana wanga.

Atate omwewa ndiwo anandiphunzitsa mbewa,
ku Katete, m'chilimwe, tchire litapsa.
Ankasiyanitsa una wa kapuku ndi wa mende ali chiimire.
Khasu kamodzi, dzanja m'dzenje,
latuluka ndi mchira.
Madzulo mpani unkadzaza, ine ndikunyamula monyada.

Lero ndikawauza kuti ndimalandira malipiro
poyeza mbewa pasikelo,
kuzisinthira zogonera,
kuzifunsa ngati zili ndi nkhawa,
nkhope yawo siisuntha, inauma kalekale,
koma m'maso nthabwala imayendayenda kufuna khomo.
Patapita nthawi, ndi mawu aang'ono:
nanga mumazidya liti?

Lachisanu tinaipatsa naini mankhwala.
Inakhala pandodo mphindi ziwiri zathunthu.
Tinaomba m'manja, ine ndi Chikonjiwe,
ngati timu yathu yagoletsa.
M'mawa mwake ndinayeza mabotolo:
shuga yense ali momwemo.
Miyendo inabwerera,
chija chimafuna kukoma sichinabwere nayo.

Mankhwala omwewo, a anthu,
ku famase ya mu Cairo Road anati abwera sabata yamawa.
Anatero sabata yathanso.

Usiku magetsi atazima
atate anaima pakhomo la kuchipinda,
mapazi atamera mizu m'simenti.
Thupi likufuna kupita, pansi pakukana.
Ndinaunika ndi foni, n'kujambula mizere ndi choko,
umodzi, wina, winanso,
monga tinkachitira posewera phada.
Dumphani uwu, atate. Tsopano uwu.

Anadumpha.
Anafika pabedi, thukuta lili kamukamu.
Ndikuwamasula mabatani
ndinapeza milomo yanga ikuwerengabe.
Masekondi makumi asanu ndi atatu.
Ndinalibe polemba.

Iwo anandigwira pamkono ndi dzanja lonjenjemeralo,
kunjenjemera kunalowa mwa ine mpaka m'phewa.
Ati: ija ya nambala naini,
ukaipatse mtedza wokazinga.
Shuga si chakudya cha mbewa.