Zaka Makumi Anayi Pofika Lachisanu

Dokotala wa mano, Bambo Prewitt,
akufuna zaka makumi anayi pofika Lachisanu.
Gitala anagula dzana, yamagetsi,
yoyera mbee ngati mano amene amaika anthu m'kamwa,
ndipo akuti ikuwachititsa manyazi.
"Ioneke ngati inagonapo m'mabala a ku Memphis,"
anatero, nasiya theka la ndalama patebulo.

Ndiyo ntchito yanga muno mu Knoxville,
m'chipinda chapansi, kuseri kwa ochapa zovala:
ndimagulitsa ukalamba.

Ndimamasula chishango cha pulasitiki,
timitu titatu topotokola mawu,
zivundikiro za maginito.
Pulasitiki wa masiku ano ngwamakani.
Ukamuviika mu khofi usanamupale
amavuuka ali mbuu, akukuseka.
Ndiye sandipepa kaye, wosalala uja,
kungochotsa kunyezimira basi.
Kenako khofi wadzulo, wakuda bii, usiku wonse.
Timitu ndimatiponya m'chitini cha misomali,
khocho khocho, mphindi zisanu,
polishi wa nsapato m'timizere ta manambala,
n'kupukuta asanaume.
Zotsalazo limamaliza ndi dzuwa la Ogasiti padenga.

Mtundu suvuta.
Chovuta n'kudziwa pamene dzanja likadadutsa.
Wongoyamba amapalasa paliponse ngati nkhuku padzala,
bodza lake limaonekera kutali.
Ine ndimakoleka gitala paphewa, n'kuima pagalasi,
kufunsa munthu amene sanabadwepo,
wotopa, wangongole, pa nyimbo yomaliza ya usiku:
iwe, chikhadabo chako chikadakanda pati?

Lachitatu kunabwera Orval Tackett,
akutsika masitepe imodziimodzi,
bokosi lake lomanga ndi lamba wa buluku.
Atatsegula, fodya wa zaka makumi asanu anadzaza chipinda.
Chishango chachikasu ngati chikhadabo cha nkhalamba,
chong'aluka pakona,
ndi kadzenje pamene chala chaching'ono chinkapumira.
Ndinameza malovu.

"Ndiyeretsereni," anatero. "Muike zatsopano."
Ndinati bambo, mukudziwa mtengo wa litsiro limeneli?
Alipo anthu angakupatseni galimoto.
"Mdzukulu wanga Tamsin wayamba kuphunzira.
Akuti ikununkha.
Zipsera ndi zanga izi, mwana ayambe zake."
Zakalezo anati nditaye.

Sindinataye.
Usiku ndinazigoneka pambali pa zanga, pansi pa nyale.
Zanga zinali zokongola, chikasu chofanana konsekonse,
ukalamba waulemu.
Zake zinalibe mwambo:
mbali ina yapsa ndi dzuwa la pawindo la galimoto,
ina yotuwa,
chipsera cha ndudu pamalo oti sindikadaganizako,
ndipo pansi pa timitu, pamene kuwala sikunafikepo,
timiyezi titatu toyera,
toyera monga tsiku limene anaigula.
Kuseri kunali mawu a pensulo, ofufutika:
Verlene, Chattanooga, ndi nambala ya foni yoperewera.
Ndinayang'ana manja angawa.
Madontho akudawa palibe anandiviika mu khofi.

Lachisanu dokotala anafika nthawi isanakwane.
Kaya chinandilowa n'chiyani,
ndinayala zishango zonse ziwiri patebulo, osanena kanthu.
Anavala magalasi, nawerama
monga amaweramira pakamwa pa munthu.
Cha Orval anachikankha ndi chala.
"Ichi mwachita kunyanyira," anatero.
"Gitala yeniyeni sikalamba chonchi."
Ananyamula changa, nachinunkhiza, namwetulira.

Ndinalandira theka lotsala.
Pamwamba makina ochapira ankazungulirabe,
kuchotsa madontho m'malaya a anthu,
ndipo kwinakwake m'tauni muno
kamtsikana kakukanda pulasitiki woyera
kachipsera kake koyamba,
kaulere.