Mfundo za Ababa

Nyumba yathu ya kwa Mpondasi inkaluma.
Tonse tinkawadziwa malamulo ake:
usatsegule firiji usanavale patapata,
swichi ya kubafa igwire ndi nsalu youma,
ukamva pulasitiki akununkha kuchipinda chosokera
tsegula zenera, fungolo litha lokha.
Tinakula nawo malamulowa ngati zina la mtundu
mpaka tsiku limene Ajida, wa zaka zinayi,
anapita chosavala kukatenga madzi ozizira a kasitomala
ndipo chitseko cha firiji chinamugwira dzanja, chosafuna kumusiya.

Anapulumuka. Chipsera n'chaching'ono ngati njere ya mapira.
Koma m'mawa mwake ndinaitana Twaibu.

Anakwera kusiling'i dzuwa la Okutobala lili paliwombo,
malata akuwotcha ngati chiwaya,
anatsika atayera ndi ndowe za mileme
atanyamula chinthu chonga matumbo a nkhuku.
Mayi, akutero, onani.
Waya wofiira womangidwa ndi mpira wa njinga,
wina wokulungidwa m'pepala la shuga,
wina makoswe anaudya mpaka mkuwa kuseka.
Pamene panayenera kukhala fuyuzi
panali msomali wa mainchesi awiri, wakuda bii.
Amene anachita izi, akutero, ankakufunani zabwino?

Ndinakhala chete.
Mfundo zimenezo ndinazizindikira.
Ndi zomwe ababa ankamanga pothera ulusi
akamasoka mikanjo ya Idi usiku wonse:
kupota kawiri, kulowetsa, kukoka ndi mano.
Telala wosapita kusukulu ya magetsi
amene ankawonjezera babu mwana akabadwa,
soketi mwana akakhoza mayeso.
Mbiri yathu yonse inali pamwamba pa mitu yathu
ikutentha pang'onopang'ono.

Masiku asanu nyumba inali mabala okhaokha.
Twaibu anasema makoma, kuyala mapaipi oyera,
kukoka mawaya atatuatatu, uliwonse ndi mtundu wake.
Wachitatuwo, wobiriwira ndi chikasu,
anati ndi njira yothawira moto ukasochera.
Anakhomera ndodo yamkuwa kuseri kwa khitchini,
dothi louma likukana, iye akuthira madzi, akukhoma.
Ndalama ya mbuzi ziwiri ndi ndolo zanga
inalowa m'khoma n'kumatidwa simenti.
Alamu anga anati ndatayira ndalama kumphepo:
kodi magetsi sankayaka?

Usiku woyamba, ndikusita yunifolomu ya Ajida,
thwa! Mdima.
Ndinaimba foni mawu ali m'mwamba:
zaka makumi atatu msomali sunatizimitsirepo,
lero kabokosi kako katigoneka mumdima!
Anabwera pa kabaza, tochi ili kukamwa,
anadzutsa kachala kakuda m'bokosimo, n'kundifunsa,
munalumikiza chiyani?
Simbi ya ababa.
Anaitsegula kumimba. Waya unali utagona pachitsulo,
wamaliseche, ukudikira chikhato changa.
Msomali ukanakhala chete, akutero.
Aka sikadziwa kusunga chinsinsi.

Tsopano Ajida amatsegula firiji ndi mapazi ake enieni.
Ine dzanja limakafunabe nsalu pakhomo la bafa
kenaka n'kudziseka ndekha.
Mawaya akale anagula mnyamata wa zitsulo, pa sikelo,
makilo atatu ndi theka.
Ndinadulako mfundo imodzi asanayeze.
Ili m'chitini cha mabatani, pamodzi ndi choko cha ababa.

Ababa, musakwiye kumene muliko.
Munatiyatsira ndi zomwe zinali m'thumba mwanu,
ndipo tinawerenga, tinakhoza, tinakula.
Kabokosi kali pakhomo aka, kakamathethekera usiku,
ndimamva ngati mukutsokomola kuchipinda chosokera
monga munkachitira mukaona mwana wayandikira lumo.