Una Wopita ku Rotterdam

Ralitsa wanditumizira fayilo
yochepa ngati njere ya tsabola.
Akuti, "Bambo, musaitsegule, musaikonze,
ingoilowetsani mu rauta."

Rautayo imakhala pamwamba pa kabati,
pakati pa botolo la rakiya
ndi chithunzi cha malemu amake.
Ndakwera pampando, maondo akudandaula,
ndaitsitsa ndi fumbi lake lomwe,
tinyanga take tiwiri tili njo.

Zaka makumi atatu ndinkakonza njanji
m'mapiri a Rodopi.
Ndikudziwa kuti phiri amaliboola mbali ziwiri,
anthu n'kukumana pakati, mumdima.
Koma una uwu sufuna fosholo.
Ukufuna manambala anayi olekanitsidwa ndi timadontho
ndi kiyi wautali ngati chingwe choyanikapo zovala,
zilembo zosatchulika
zimene ndaziwerenga katatu, magalasi ali pamphuno.

Ndadina.
Kachizindikiro kazungulira, kazungulira,
kenako psuu.

"Yakana," ndikumuuza pafoni.
Kumbuyo kwake mwana akulira, ketulo ikuimba mluzu.
"Onani nthawi," akutero. "Rautayo ikuti lero ndi liti?"
Ikuti ndi Januwale wa 1970.
Ndaseka mpaka kutsokomola.
Chaka chimenecho ndinali ndisanayambe kumeta ndevu,
amake anali asanandiyang'ane n'komwe.
Ndani angamtsegulire mlendo
wogogoda usiku atanyamula kalendala yakalekale?

Ndakonza tsiku. Ndakonza ola.
Ndadinanso.

Panja Plovdiv wazizira,
basi yomaliza yadutsa yopanda munthu.
Kanyali kaphethira kawiri
n'kukhazikika, kobiriwira.
"Zagwirana chanza," akutero Ralitsa,
"ndikukuonani kuno."
Sikuti akuona ine.
Akuona kamzere ka manambala,
koma wanena ngati ndatsika sitima
chipewa chili m'manja.

Tsopano chilichonse chotuluka m'nyumba muno,
kalata ya kubanki,
masewero anga a tchesi ndi Lyuben wa m'chipinda chapansi,
chiziyamba chakwawa pansi pa Ulaya
chitakulungidwa bwinobwino, mlonda wa panjira osachiona,
n'kukatulukira m'kabokosi ka pansi pa tebulo lake,
pafupi ndi tinsapato ta mdzukulu wanga.
Lyuben ndimamumva akamatsokomola,
koma hatchi yanga iziyenda maiko asanu
kuti ikadye msilikali wake.

Ndatsegula tsamba la zanyengo.
Likuti kuno kukugwa mvula,
mphepo ikuchokera kunyanja.
Ndasuzumira pazenera: thambo lili mbee,
nyanja kulibe, sinakhaleko.
Kompyuta yayamba kunditsatsa njinga
m'chinenero chimene sindichimva.

"Zimenezo ndikhoza kukonza," akutero,
"kuti izikumbukira kwanu."
Ndamuuza azisiye kaye.

Ndabweza rauta pamalo pake,
ndapukuta chithunzi ndi mkono wa malaya.
Ndisanazimitse nyali ndalemba uthenga umodzi,
woyamba kudutsa mu unawo:
mawa usaiwale ambulera.