Mabawuti Pamapu

Makalata atatu anafika sabata imodzi.
Yachitatuyo Aila sanaitsegule n'komwe,
anangoiyeza padzanja ngati wogula nyama
nati, Bambo, kalata yolandira munthu imalemera.
Iyi ndi yopepuka.

Kunja chipale chinali chitameza mpanda.
Kuno kumpoto kwa Michigan chisanu sichiodira,
chimangolowa.

Mwanayu masamu anamugwetsa chaka chimodzi chokha,
chaka chimene mayi ake anagona m'chipatala ku Marquette
kuyambira Okutobala mpaka madzi oundana atasungunuka.
Mayunivesite akuluakulu sadziwa fungo la m'wodi.
Amawerenga nambala, n'kukankha chitseko ndi phazi.

Koma ine ndinamuona ali ndi zaka khumi ndi ziwiri,
madzi atadzaza chipinda chapansi, ine ndili kuntchito,
atamasula pampu yonse, zomangira atazindanda pathaulo,
m'manja muli kamwala kamene kanatsamwitsa makina.
Fomu ilibe mzere wolembapo kamwala.

Mayi Tervonen, mlangizi wa kusukulu kwawo,
anatilembera mayina asanu ndi awiri kuseri kwa envulopu.
Palibe ndi limodzi lomwe ndinalimvapo pa wailesi.
Matimu awo a mpira sadziwika ngakhale kutauni yoyandikana.
Usiku tinayala mapu patebulo,
ndinakhuthula thumba la ovolosi,
koleji iliyonse tinaiikira bawuti yake.
Ina ku Iowa pakati pa minda ya chimanga,
ina ku Dakota komwe mphepo ilibe poima,
ina pafupi ndi mpinda wa pepala, dzina litafufutika.

Tinaimba mafoni.
Kodi digiri yanu imavomerezeka kwa opereka ziphaso?
M'kalasi mumakhala angati?
Oyamba uinjiniya, amamaliza ndi angati?
Kwina anayankha ndi mawu ojambulidwa, tinachotsa bawuti.
Kwina mtengo unandiuma m'kamwa, tinachotsanso.
Kwina foni anayankha mwamuna akutafuna,
nati, pepani, mlembi wapita kokatenga mwana,
ine ndine wophunzitsa za konkire, funsani.

Tinayenda maola khumi ndi limodzi.
Tauni yake ili ndi loboti imodzi,
nkhokwe ya tirigu yatalika kuposa tchalitchi.
Haugland uja tinamupeza malaya atada ndi simenti,
za magiredi sanayambe nazo.
Anafunsa Aila, unaswapo chiyani,
ndipo unaphunzirapo chiyani chitasweka?
Mwana wanga wosalankhula uja
anafotokoza za pampu mpaka khofi wanga anazizira.

Anamupatsa magalasi otchinga m'maso
namuuza akanikize batani.
Makina anafinya chipilala cha konkire pang'onopang'ono,
chinalira kaye ngati chitseko chakale,
kenako phwa!
Aila sanadzidzimuke.
Anawerama n'kutola chibenthu, akuyang'ana momwe mng'alu wayendera.

Sindinama, denga la laibulale yawo limadontha,
ndinaona ndowa ziwiri pakati pa mashelefu.
Ndalama zake ndawerenga kanayi pakapepala ka mafuta
ndipo kanayi konse zikupereweza.
Mlamu wanga Reino akuti koleji yopanda dzina
ili ngati sipanala ya pamsika, imapindika.
Mwina.
Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Pobwerera kunada tisanafike kumalire a Wisconsin.
Tikuwoloka mtsinje waukulu
anati ndichepetse liwiro,
anatsitsa galasi, mphepo yozizira ikutimenya mbama,
nayamba kuwerenga zitsulo za mlatho chamumtima,
milomo yokha ikugwedera.
Wa lole kumbuyo analiza hutala.
Sindinafulumire.

Kalata sinabwere.
Akuti tidikire milungu itatu.
Mapu akadali patebulo, timadyera m'mbali mwake,
bawuti imodzi yatsala pa Iowa,
ndipo chibenthu cha konkire chija
chili pawindo, pafupi ndi mankhwala a mayi ake.