Masamu Ochotsera

Zaka makumi atatu ndinali kalaliki wa sikelo
ku esiteti, kumunsi kwa Makwasa.
Dengu likafika ndi mame
ndinkachotsa makilo awiri. Amenewo ndi madzi, mayi.
Mvula ikagwa, atatu.
Ankayang'ana cholembera changa, osati nkhope.

Tsopano Lachiwiri ndi Lachinayi, pulayimale ikaweruka,
ndimatsekula kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi
kamene amasungiramo mabenchi othyoka
ndi matumba a simenti omwe anauma podikira khoma.
Bolodi ndi chitseko chakale chopakidwa makala a batire.
Choko amatumiza ndi a Shehe Twaibu
m'chitini cha mkaka, chodukaduka.
Akuti masamu alibe mpingo.
Amayi a Dorika amasiya mbatata yophika pakhonde,
chifukwa mimba ikamalira, khutu limagontha.

Ana khumi ndi anayi, tsiku labwino.
Tiyi akaphukira, asanu ndi mmodzi.
Mayina anandipatsa ndi ahedi
papepala lolembedwa pamwamba kuti Otsalira.
Ndinalipinda kanayi,
ndinatseka nalo mng'alu wa pazenera pomwe chiperoni chimalowera.

Pali Muhaniwa, chaka chachitatu mu Sitandade faifi.
Pamsika amabweza chenji cha zitumbuwa
iwe usanamalize kupisa m'thumba,
koma manambala omwewo akagona papepala
amawaopa ngati njoka za m'nthochi.
Pali Saidi, wolemba kuyambira kumanja akaiwala.
Ndipo pali Esinala wa kwa Namakhwa,
amene amafika mochedwa, mlongo wake kumsana,
kulemba ataimirira, akugwedezeka,
kuti mwana asadzuke.

Tsiku lija tinali pa kuchotsera.
Dzanja limakumbuka zimene mutu unakwirira.
Ndinangozindikira ndalemba:
Mayi athyola makilo 42.
Kalaliki wachotsa 3.
Atsala angati?

Esinala anakweza chala.
Sate naini.
Wakhoza, khala pansi.
Sanakhale.
Aphunzitsi, nanga atatuwo apita kuti?
Ndi madzi, ndinatero.
Madziwo mathirakitala amawasiya m'munda?
Kapena amapita nawo ku fakitale?

Mbatata inaima pakamwa pa Muhaniwa.

Amayi anati pa sikelo munali inu.

Ndikanatha kunena kuti linali lamulo la bwana.
Linalidi lamulo.
Ndikanatha kunena kuti tsamba lonyowa limalemeradi.
Limalemeradi.
Koma analipo masiku ena, dzuwa lili phwe,
tsamba louma ngati chikopa,
dzanja langa n'kuchotsabe awiri
poti linazolowera.

Ndinamupatsa choko.
Lemba funsolo pabolodi, pansi pa langa.
Analemba, zilembo zikutsetsereka ngati njira ya ku Thekerani.
Mawu oti kuti anawalemba ndi ma t awiri.
Sindinakonze.
Lilipobe. Tikamafufuta timalizungulira.

Kuyambira sabata imeneyo
kumapeto kwa kope lake kuli mizere itatu:
tsiku, zimene sikelo inanena, zimene kalaliki analemba.
Madzulo mayi ake amatchula, iye amalemba
pa kuwala kwa tochi ya foni.
Ana ena atatu atengera.
Muhaniwa ndiye amawawonkhetsera, pamtima,
kenako, monyinyirika, papepala.

Sabata yatha titatuluka m'mapemphero
kalaliki watsopano, mnyamata wa tayi yofiira,
anandikokera pansi pa mtengo wa mapeyala.
Madala, kamtsikana kaja kamabwera pa tsiku la malipiro
n'kuima pawindo ndi kope.
Mukukaphunzitsa chiyani kuseri kuja?

Kuwonkhetsa, ndinatero.
Kuchotsera anakudziwa kale.
Anabadwa akuchotseredwa.

Sanaseke. Inenso ayi.

Lachinayi likubwerali tiyamba kugawa.
Ndapempha a Shehe choko china,
ndipo usiku sindikugona bwino.
Ndikudziwa amene akweze chala,
mwana ali kumsana,
kufunsa za zotsala.