Makope a Bambo Makwinja

Anandisiyira makope khumi ndi anayi
ndi galasi long'aluka la minibasi.
Ndinayesa galasilo n'lometera ndevu.
Panatha sabata ndisanazindikire
kuti zolemba zawo zimayenda chobwerera,
ndipo zimayankhula ukazionetsa pagalasi basi.
Anali amanzere. Aphunzitsi anathyolera ndodo zitatu padzanja limenelo,
koma dzanjalo linangophunzira kuzemba.

Ndirande imawadziwa ngati wolemba zikwangwani.
Mbuzi yoseka ija pakhoma la butchala ya a Sumaili,
mitu isanu ndi umodzi ya kometera tsitsi,
mawu a kumbuyo kwa maminibasi a ku Limbe,
zonsezo ndi dzanja lawo.
Anthu ankalipira mochedwa.
Iwonso ankamaliza mochedwa, akamaliza n'komwe.

Pashelefu panali buku lopanda chikuto,
logulidwa pansi, pafupi ndi msika wa m'tauni,
ndipo pa tsamba lina, nkhalamba ya ndevu za ku Italiya,
yomwalira zaka mazana asanu zapitazo,
yojambula nkhope masana, makina usiku.
"Achimwene anga awa," ankatero,
"kungoti iwo anali ndi mafumu owadyetsa.
Ine ndili ndi a Sumaili."

Kope lachitatu ndi madzi okhaokha.
Nasolo atadzaza mu Januwale,
ena akuthawitsa mbuzi ndi mabedi,
iwo anakhala pamlatho, pepala m'jumbo,
kujambula mmene madzi amapotera
akagunda tayala lakale.
M'munsi analemba: tsitsi la mwana limapota chimodzimodzi. Chifukwa?

Kope lachisanu ndi chiwiri: mwendo wa mbuzi wosendedwa,
mitsempha yonse ili ndi manambala.
Kenako makina otongolera chimanga
a tcheni cha njinga ndi misomali.
Amenewo anagwira ntchito.
Anyamata owotcherera kumsika anakopera,
akugulitsa mpaka ku Lunzu,
ndipo palibe amene amatchula dzina la Makwinja.

Koma mtima wawo unali pa mphamba.
Mmene imapindira mchira pamwamba pa mafakitale a ku Makata,
osakupiza, kungotsamira mphepo.
Zaka zinayi tinatola nthiti za maambulera,
kusoka matumba a feteleza ndi ulusi wa nsapato.
Tsiku lake kunali chiperoni.
Tinakwera phiri, ine ndasenza mapiko,
iwo thumba la mchenga lolemera ngati munthu.
Linauluka. Ndikulumbira, linauluka,
ndinawerenga mpaka naini,
kenako phuu! padenga la mai Chisesele.
Malata awiri tinalipira ndi chikwangwani cha mandasi.
Potsika ankaseka okha,
akulemba padzanja: mchira wachepa.

Chithunzi chimodzi sanagulitse.
Mkazi wakhala pazenera, manja pamwendo,
kumbuyo kwake phiri likadali ndi mitengo.
Ndi Esinta, amene anawasiya ine ndisanabadwe.
Chaka chilichonse ankawonjeza kakhungu kena ka penti
pakamwa pokha, kopyapyala ngati mpweya,
mpaka sungadziwe ngati akufuna kuseka
kapena kufunsa za ndalama ya lendi.
Dzanja lake lamanja silinathe mpaka lero.

Ku Gulupu, usiku womaliza,
anandipempha bolopeni.
Ndinaganiza kuti akulemba za katundu.
Ayi, ankajambula dontho la diripi,
mmene limatupira lisanagwe.

Pamaliro abusa anati anali munthu waluso,
koma wosamaliza zinthu. Anthu anavomera.
Ine ndinangoti chete.

Tsopano madzulo ndimatsamiritsa galasi ku botolo la thina,
ndikuwerenga pang'onopang'ono, mutu utapendekeka.
Tsamba lomaliza lili ndi mizere itatu:
gula sopo.
funsa a Sumaili za ngongole.
talikitsa mchira ndi zikhato ziwiri.

Sopo ndinagula.
Maambulera othyoka ndayamba kutola.